Mpando wa a Pilo

Dzina loti a Pilo analipeza kuntchito yawo yoyamba, nthawi imene ankayendetsa galimoto za eni ake. M'mawa uliwonse ankafika atapanira pilo kukhwapa, chifukwa popanda piloyo msewu ankauonera m'kati mwa chiwongolero ngati munthu wosuzumira pabowo la mpanda. Dzinalo sanalikane. Munthu akafuna kuwaseka, ankapeza iwo atayamba kale kudziseka. "Tsiku logawa misinkhu ine ndinali pamzere ndithu," ankatero, "koma wogawayo sanandione."

Atagula galimoto yawoyawo, kagalimoto koyera konyamulira mazira, anayamba ndi kumasula mpando wa dalaivala. Anaika zipika za thabwa pansi pake, n'kuumanganso ndi mabawuti ataliatali, n'kuukankhira kutsogolo mpaka pothera. Piloyo inapuma pantchito, koma dzina linatsala. Kwa zaka zambiri anazungulira magolosale a mumzinda atakhala pamwamba ngati bwana, ndipo ankauza aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe, kuti sanaswepo dzira kupatula limene ankafuna kudya.

Kenako maso anayamba kuchita chifunga. Dokotala sanazungulire: maso amenewa sabwereranso, ndipo chiwongolero achisiye asanaphe munthu. A Pilo anavomera bwinobwino, anathokoza, koma pofika kunyumba nkhani ija inali itachepa panjira. "Akuti ndipume pang'ono," anawauza choncho akazi awo.

Galimoto sikanaima, poti ndi imene inkadyetsa banja. Makiyi anapita kwa mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana amene anatengera msinkhu kuchimayi n'kuwonjezera wake. Anzake ankamutcha Mlongoti. Layisensi anali nayo, ndipo ankayendetsa mwaluso kuposa mmene bambo ake ankafunira kuvomereza.

Tsiku loyamba Mlongoti analowa m'galimoto mochita kudzipinda. Anakankhira mpando kumbuyo, koma zipika zija zinalibe kokankhira. Mutu unagunda denga, khosi linapendekeka, mawondo anapana chiwongolero uku ndi uku.

"Bambo, tichotse matabwawa," anatero.

"Achotsedwe chifukwa chiyani? Ine ndangopuma pang'ono."

"Nanga ine ndiyendetsa bwanji?"

"Werama. Ine ndakhala ndikutukula khosi moyo wanga wonse, sindinafe."

A Pilo anaseka, koma mumtima munali mantha. Ankadziwa kuti tsiku limene mpandowo udzatsike, iwo sadzaonanso kutsogolo ngakhale maso atachira, ndipo aliyense adzadziwa kuti a Pilo atha. Zipika zija zikakhalapo, ankati akadali dalaivala amene wangobwereketsa galimoto.

Patapita masiku, Mlongoti anayamba kuyenda khosi lili khotee ngakhale ali pansi. Mayi ake ankamuthowa ndi madzi otentha uku akuponya maso oipa kwa mwamuna wawo. A Pilo anaona kuti zinthu zafika povuta, ndipo anakhala pakhonde n'kuganiza mozama. Tsoka lake, nzeru zinabwera.

Loweruka anamutenga mwanayo kuti awaperekeze kwa wowongola magalimoto, mnzawo wakalekale amene ankakhalira kumenya zitsulo kuseri kwa msika.

"Achimwene," anatero a Pilo, "mwanayu mutu ukugunda denga."

"Ndiye titsitse mpando. Ntchito yosachedwa imeneyo."

"Ayi. Mukweze denga."

Wowongola uja anaika hamala pansi. Anayang'ana a Pilo, anayang'ana Mlongoti, amene anali atayang'ana kumwamba ngati sakuwadziwa.

"A Pilo, anthu amabwera kuno kuti ndichotse zotupa pagalimoto. Inu mukufuna ndiikepo?"

"Hamala ndi yomweyo, mungoyambira m'kati."

Munthu wantchito sakana ntchito. Anachotsa nsalu ya kudenga, n'kuyamba kumenya chitsulo kuchokera pansi, khoo khoo khoo, mpaka pamwamba pa dalaivala panatukuka chotupa chonga beseni lovundikira. A Pilo anachipapasa ndi dzanja ataimirira pandowa, n'kunena kuti akatswiri opanga magalimoto anayenera kuganiza zimenezi kalekale.

Atafika kunyumba, akazi awo anaseka mpaka anakhala pansi. "Abambo, galimotoyi yalumidwa ndi njuchi kapena?" Kumagolosale nako anthu ankatuluka kudzaona. Ena ankati nayo yatsala pang'ono kuikira dzira.

Mutu wa Mlongoti unakwanadi m'chotupamo, zimenezo tisawanamizire a Pilo. Koma anaiwala kuti maso amakhala pamutu pomwepo. Mtsikanayo akawongola khosi, maso ake ankakhala pamwamba pa galasi, moti ankaona chitsulo chokhachokha. Kuti aone msewu ankayenera kuweramabe ngati kale. Mawondo nawo anali pomwe paja. Phindu lokhalo linali loti mvula ikagwa, chotupacho chinkadonthetsera madzi pakhosi pake.

Tsiku lina masana, pamaloboti a pafupi ndi sitolo ya nsapato, Mlongoti anawerama kuti aone nyali, n'kupeza yafiira kale. Pofuna kuponda buleki, bondo linakodwa kunsi kwa chiwongolero. Analisolola, n'kuponda ndi mphamvu zonse. Galimoto inaima mphuno itatsala pang'ono kukhudza mayi wina amene ankawoloka ndi katundu kumanja. Kumbuyo kunamveka phokoso limene a Pilo anali asanalimvepo pantchito yawo yonse: matileyi onse a mazira kugwera kutsogolo.

Mlongoti anabwera kunyumba galimoto ikuchucha zachikasu kuchitseko cha kumbuyo. Sanakalipe. Anasamba m'manja, anaika makiyi patebulo patsogolo pa bambo ake, n'kukhala pansi.

"Kukampani ya mabasi akufuna madalaivala," anatero. "Ndipita Lolemba."

"Chifukwa cha mazira okha? Nkhuku ziikira ena."

"Si mazira, bambo. Ndikanapha munthu lero," anatero Mlongoti. "Sindikufuna kuchoka. Koma m'galimoto muja inu simunatulukemo, ndiye tonse awiri sitikukwanamo."

A Pilo anafunafuna nthabwala, koma ulendo uno sinapezeke. Anachita manyazi kwambiri, manyazi a munthu wamkulu amene wapindika denga la galimoto pofuna kuti iye asapindike.

M'mawa mwake anatenga sipanala n'kugwada pakhomo la dalaivala. Mabawuti sankawaona bwino, koma zala zinkawadziwa, poti anawamanga okha. Dzimbiri linalimbalimba, kenako linagonja. Anasolola zipika zija chimodzichimodzi. Zinali zitada, zosalala, ndipo zinali zazing'ono modabwitsa. Ulemerero wawo wonse unkakwana m'manja awiri.

Atamanga mpando pansi, anati auyese. Anakhala, n'kumira. Kutsogolo kwawo kunali chiwongolero, pamwamba pake kamtambo pang'ono, ndipo kutali kumwamba chotupa chija chili yasaa, chopanda ntchito. Anayamba kuseka okha, anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sinasiye pamene kuseka kunatha.

Mlongoti anawapeza ali choncho.

"Mwana wanga," anatero osamuyang'ana, "dokotala uja sananene kuti ndipume pang'ono."

"Tikudziwa, bambo."

"Mwadziwa bwanji?"

"Mwezi watha munapereka moni kwa mtengo wa magetsi. Munaufunsa ndi za kunyumba komwe."

"Ndinkayesa amalume ako. Kutalika n'kofanana, ndipo nawonso sayankha."

Anatuluka, n'kumupatsa malo. Mlongoti anakhala, anawongola msana, anatambasula miyendo, ndipo khosi lake linalira ngati thabwa louma. Anagwira chiwongolero n'kupuma mpweya wautali. A Pilo anatola zipika zija n'kukaziponya pamulu wa zinyalala kuseri kwa nyumba, kenako anakalowa kuchipinda osafuna kuona galimoto ikutuluka popanda iwo.

Lolemba m'mawa anamva injini ikulira, koma galimoto sinachoke. Hutala inalira kamodzi. Inaliranso.

"Abambo, akukuitanani," anatero akazi awo.

"Andiitanirenji? Ine ndine katundu wapanyumba tsopano. Muzingondipukuta fumbi."

"Tapitani, musatichedwetsere mwana."

Anatuluka monyinyirika. Chitseko cha mbali inayo chinali chotsegula. Pokwera, anaona kuti mwendo ukufunika kutukulidwa kuposa masiku onse. Anapapasa kunsi kwa mpando, ndipo zala zinakumana ndi thabwa losalala, ndi mabawuti ataliatali aja, omangidwa zolimba.

"Magolosale ena sindiwadziwa bwino," anatero Mlongoti, maso ali kutsogolo. "Ndiponso maenje a mumsewu inu mumawadziwa onse pamtima. Mazira asaswekenso."

A Pilo anatseka chitseko. Anakhala pamwamba ngati kale, galasi lonse lili patsogolo pawo, lodzaza ndi chifunga chowala. Galimoto inatuluka pageti, inatsetsereka, n'kuyandikira mphambano imene iwo anaidziwa ndi kagwedezeke ka mpando. Mwendo wawo wamanja unatambasuka wokha kufuna buleki, n'kungopalasa mphepo, osafika n'pansi pomwe.

"Buleki," anatero.

"Ndaponda kale, bambo."

"Ndamva, mwana wanga. Ndimauza mwendo wangawu. Sunamvebe kuti tinachotsedwa ntchito."