Nkhope ya Akapitawo

Magetsi atagwira mayi wosita zovala n'kumugwetsera pansi, akapitawo a pashopu yosoka anapsa mtima koopsa.

"Waya wa simbi wakhala wosendeka chonchi kuyambira liti?" anafunsa akumenya tebulo lodulirapo nsalu.

Matelala onse anangoti zyolizyoli. Mmodzi anayankhira pansi. "Ndi kale, bwana."

"Ndiye pakamwa panu munasokapo? Chitseko cha ofesi yanga sinditseka ine."

Akapitawo anathamangira kuchipatala ndi mayi wovulalayo akulalata njira yonse. Mayiyo anali mlamu wawo, mkazi wa mng'ono wawo, ndipo anali woyembekezera.

Namwino anamanga dzanja lopsalo, nati mwana ali bwino. Kenako anafunsa wodwalayo chifukwa chimene sananenere za wayayo.

"Ndinapita kuofesi kwawo kawiri," anatero mayiyo, nayenso mtima uli m'mwamba. "Koyamba alamuwa anali pafoni, mutu sanadzutse n'komwe. Kachiwiri anapinda manja, nkhope ili ndwii, maso pawotchi. Ndinangopempha ulusi n'kutuluka."

"Ndinakuthamangitsani kodi? Ndinakunenani?" anafunsa akapitawo.

"Pakamwa simunena, alamu. Imakuwa ndi nkhope. Ngakhale ana anu akamva nsapato zanu amazimitsa wailesi."

Akapitawo ananyamuka mwaukali.

"Bambo, tadzionani mmene mwaimiramo," anatero namwino.

Anadziyang'ana pagalasi la zenera. Manja opinda, tsinya pamphumi, mlomo uli tolotolo.

Namwino anapitiriza: "Ine nditalowa muwodi chotero, wodwala anganene kuti ali bwino pamene akufa ndi ululu. Munthu amayamba waona nkhope asanatsegule pakamwa. Akabwera, ikani foni pansi, muyang'aneni, mumupatse mpando, musamudule mawu."

Akapitawo anafika kunyumba akunyinyirika. Akazi awo anangoti, "Namwinoyo sananame."

Mawuwo anawapweteka, koma anayesa. Anayamba kuzungulira pamakina n'kumapereka moni, manja ali omasuka. Masiku oyamba matelala ankanong'onezana kuti abwana akudwala.

Tsiku lina telala wachikulire analowa muofesi, anakhala pampando, nati kuseri kwa shelefu ya nsalu kukumveka fungo lopserera. Wokonza magetsi anapeza mawaya atasungunuka, moto uli pafupi kubuka. Shopu inapulumuka, ndipo palibe anavulala.

Mtsogoleri amayankhulanso ndi nkhope, maso ndi manja. Antchito akamaopa kukuyandikirani amabisa zoopsa. Khalani wofikirika kuti mumve vuto lisanakule.