Katoni ya Mayi Remedios

Mu 2014 ndinkagwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba ku Bolton. M'chipinda chakumapeto munkakhala mayi Remedios, ochokera ku Philippines. Anabwera ku England ali mtsikana, n'kugwira unesi zaka makumi atatu, koma matenda oiwalaiwala anawalanda Chingerezi chonse n'kuwasiyira chilankhulo cha kwawo chokha. Anzanga ankati ndi ovuta chifukwa samveka. Ine zimenezo sizinkandidetsa nkhawa, poti nanenso azungu a ku Bolton ankandiuza kuti ndibwereze chilichonse chomwe ndanena.

Kunsi kwa bedi lawo kunali katoni ya timabuku ta nthano zojambula, timene iwo ankatitchula kuti makomiki. Mapepala ake anali opyapyala, ofiirira, onunkhira ngati m'sutikesi yakale. Tsiku lina masana atakana kudya, ndinatulutsa kamodzi kuti ndiwanyengerere. Anakalanda, kukatsegula, n'kuyamba kuwerenga mokweza, mawu akusinthasintha: pena abambo aukali, pena mtsikana wamanyazi. Mbale inatha osadziwa. Kuyambira pamenepo, ikakwana nthawi ya chakudya chamasana, ine supuni kumanja, iwo buku m'manja.

Mawu ndinalibe nawo gawo, koma zithunzizo zinandigwira mtima. Ojambula a kwawoko amadziwa kujambula anthu, asakunamizeni munthu. Ankajambula nyumba za malata zodontha, mapoto atandandalikidwa pansi kulandira madzi. Ankajambula minda ya mpunga, anthu atawerama m'matope mpaka m'mawondo, ine n'kumaona kwathu ku Karonga. Mvula ankangoilemba ndi timizere topendekeka, koma ndikayang'ana ndinkamva fungo la dothi. Amene ndinkamukonda kwambiri anali wometa tsitsi wina wa khutu limodzi, amene ankaweruza milandu ya m'dera lake lumo lili pakhosi pa wodandaula. Panalinso mayi wogulitsa nsomba, wamikono ngati mitondo, amene m'buku lililonse ankathamangitsa mwamuna wake mumsika. Ameneyo ndinamutcha Nachisale. Mayi Remedios akawerenga zawo, ine ndinkawonjezera zanga m'Chichewa.

"Nachisale, musiye mwamunayo, watopa!"

Iwo ankafa nacho chikhakhali, n'kundimenya pantchafu, ngati amva. Mwina nkhani yeniyeni inali ina, sindikudziwa. Zaka ziwiri tinaseka limodzi, aliyense m'chilankhulo chake, ndipo panthawi yonse yomwe ndakhala kuno sindinasangalalepo choncho.

Anamwalira mu Malichi 2016. Ndinalira ngati wachibale. Patapita masiku atatu kunabwera mwana wawo, a Edmund, ochokera ku Manchester, kudzachotsa katundu m'chipindamo. Anali bambo aulemu, obadwira konkuno, ndipo chilankhulo cha mayi awo sankachidziwa. Ndinkawathandiza kupinda zovala, koma maso anga anali kunsi kwa bedi. Katoni imeneyo ndinkaifuna. Sindinafunepo chinthu cha munthu wina ngati mmene ndinaifunira.

A Edmund anaikoka, kuitsegula, n'kupukusa mutu akumwetulira. Anandilankhula m'Chingerezi.

"Nthanda, andiuza kuti munkawerenga nawo izi. Mungazifune?"

Kufuna ndinkazifuna. Koma ine ndinaleredwa ndi anthu. Kwathu katundu wa malemu salandira mothamanga, angati unkadikira kuti mwini wake atsinzine. Umayamba wakana, aferedwa n'kukuumiriza, iwe n'kukananso pang'ono, kachitatu ndiye wagwada n'kulandira ndi manja awiri. Choncho ndinayang'ana pansi monga mwa mwambo wake.

"Ayi bambo, sindingathe. Zimenezi ndi za banja."

Ndinadikira. Ndinali nditakonzeratu ndi mawu okanira kachiwiri.

"No worries," anatero a Edmund, n'kutseka katoni ija ndi tepi.

Basi! Kuno "ayi" amamumva kamodzi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili ku England, chimenecho ndinkachidziwa bwino lomwe, koma pa tsiku lomwe chinafunika ndinakhala mwana wa mayi anga. A Edmund anapitiriza kufotokoza, mosaganizira choipa chilichonse, kuti kunyumba kwawo n'kopanikiza, ndipo mashopu a zinthu zakale sangalandire mabuku oti palibe angawerenge. Anati popita adutsira kotayira mapepala.

Manja awo anadzaza ndi masutikesi, ndiye anandipempha kuti ndiwanyamulireko katoniyo. Ndinainyamula pachifuwa. Kuchoka kuchipinda chija kukafika pamalo oimika magalimoto ndi mtunda ndithu, pali zitseko zitatu ndi masitepe. Pachitseko choyamba ndinati ndinena. Pachiwiri ndinati ndinena tikatuluka panja. Mawu ake anali ochepa, oti ndasintha maganizo, ndipo bambowo akanasangalala. Koma munthu wakana katundu wa maliro n'kutembenuka kukamupempha, pakamwa panga panakana kutseguka. Manyazi anapha Lambe, amatero, ndipo tsiku limenelo Lambe ndinali ine.

Kunja kunkawaza kamvula. Ndinaphimba katoniyo ndi juzi yanga kuti isanyowe, ngati kuti kumene inkapita kunali kusiyana. A Edmund anatsegula buti, ine ndinaiika bwinobwino pakona, n'kuikhazika kuti isagwedezeke panjira. Anandigwira chanza n'kundithokoza chifukwa chosamalira mayi awo, akuti anthu osafuna kanthu ngati ine ndi osowa masiku ano.

Ndinati ayende bwino. Ndinawathandizanso kuyang'ana kumbuyo pobweza galimoto.