Zala pa Galasi

Bambo Ousseynou Kane, mkulu wa nyumba yoonetsera zojambula ku Rufisque, analamula kuti chipinda cha zithunzi zopaka pagalasi chitsekedwe sabata yamawa. Ati alendo sachifuna. Umboni wake? Timapepala ta mafunso a m'Chifalansa tosiyidwa pakhomo. Palibe anatchulapo chipindacho.

Mayi Thioro Faye, osesa m'nyumbamo, anapsa mtima. Zithunzi zinayi zimene anajambula malemu amuna awo zinali momwemo, ndipo zimapita kukaola m'bokosi.

"Inu a Kane, mpunga wakutsekani m'maso!" Mitundu yawo ndi ya pachisuweni, amanyozana momasuka. "Amayi ogulitsa nsomba aja munawaonapo atagwira cholembera?"

"Mserere akadziwa zojambula, mbuzi iwerenga nyuzi," anaseka a Kane, kunyoza mtundu wa mayiwo. "Kaseseni uko, kapolo wanga."

Mayi Rokhaya Seck, amene anabwera kudzaphunzitsa antchito kafukufuku wa alendo, anamva zonsezo. "Mayi, mwadziwa bwanji kuti anthu amalowamo?"

"Amapukuta magalasi ndani? Zipinda zinazo nsalu imabwerako yoyera. Umu ndiye zala, mphuno za ana, mpaka mafuta a nsomba!"

"Musapukutemo masiku atatu," anatero Mayi Seck.

Lachisanu analowamo onse. Magalasi ali mbuu! Chithunzi cha asodzi ali m'bwato chosaoneka n'komwe. A Kane kukamwa yasa.

"Pepala limamva odziwa kulemba okha," anatero Mayi Seck. "Khalani pakona muone: akulowa ndani, akuima pati, akuchedwa bwanji. Kenako afunseni pakamwa, m'chiyankhulo chawo cha Chiwolofu. Musati, 'Mwasangalala?' Mlendo sanyoza mwini nyumba. Funsani chimene chawavuta."

Loweruka Mayi Faye ndi alonda awiri anachita zomwezo. Anthu anangoti piringupiringu. Mkulu wina analoza msodzi wa pachithunzi, ati ndi malume ake enieni, amadzawaona mwezi ndi mwezi. Amayi a kumsika anadandaula chimodzi: pokhala palibe, mawondo amapweteka.

Lolemba a Kane anatulukira ndi kalipentala atasenza mabenchi awiri.

"Chipinda sichitsekedwa. Ndipo kuyambira lero, msuweni, gulu lofunsa alendo muzitsogolera ndinu."

"Ndiyamba ndi inu," anatero Mayi Faye. "Chinakuvutani n'chiyani, maso kapena mutu?"

Alonda anagwa nacho chiseko, a Kane nawonso. Kalipentala anaika benchi moyang'anana ndi asodzi aja.

Phunziro: Musamalankhulire anthu amene simunawafunse. Phunzitsani antchito anu onse kuona ndi kumvetsera, ndi wa tsache yemwe.