Ana Amene Anasiya Kubwera ku Msasa

Tchuthi cha mwezi wa Ogasiti chinali pafupi, koma a Scholastica ndi amuna awo a Nikolasi anali asanagwirizane ngati msasa wa ana uchitikenso. Awiriwa ankatsogolera gulu losamalira ana amasiye ndi ovutika m'mudzi wina kufupi ndi Golomoti. Chaka chatha analemba ana makumi anayi kuti azibwera tsiku lililonse kwa sabata imodzi kudzaphunzira, kusewera ndi kudyera pamodzi. Tsiku lomaliza kunabwera ana khumi ndi mmodzi okha.

"Ana a kuno safuna kuthandizidwa," anatero a Nikolasi. "Tinawaphikira, tinawapezera mpira, koma anathawa. Chaka chino tisavutikenso."

M'mawa mwake a Scholastica anakwera njinga kupita kwa a Maliko, mlangizi woona za chitetezo cha ana m'deralo. Anawaonetsa kaundula wa chaka chatha.

"Amene anasiyawa munawafunsa chifukwa chake?" anafunsa a Maliko.

"Tinafunsa amene anatsala. Onse anati zinayenda bwino."

"Amene anatsala sangadziwe chimene chinavuta, mayi. Pitani kwa amene anasiya. Musakawakalipire, mukangomvetsera."

A Nikolasi anavomera monyinyirika, ndipo awiriwa anayamba kuyenda khomo ndi khomo. Khomo loyamba anapeza Tawina, mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, akuphikira phala mayi ake odwala. Mng'ono wake Aida, wa zaka ziwiri, anali kumbuyo.

"Ndinabwera tsiku loyamba nditabereka Aida," anatero Tawina. "Pachipata anandiuza kuti msasawu si wa makanda. Nanga ndikanamusiya ndi yani?"

A Nikolasi anayang'ana pansi. Amene anaima pachipata tsiku limenelo anali iwowo.

Chakunyanja anapeza a Saidi, msodzi amene ankalera mwana wa malemu mlongo wawo, akusoka ukonde.

"Mwana anandiuza kuti mbuzi imene munaphika kumsasa ija sinazingidwe ndi Msilamu," anatero a Saidi. "Ndiye ndinamvanso kuti Lachisanu, nthawi yoswali kumzikiti, mwaikapo mpira. Ndinangoona kuti msasawu ndi wa akutchalitchi. Ndinamuletsa, anzanga nawonso analetsa awo."

Ana ena anati msasa unkayamba seveni koloko, iwo asanatunge madzi. Akachedwa ankachita manyazi kulowa, ndiye ankabwerera panjira.

Atamaliza kuyendera, a Maliko anawalangiza kuti asakonze okha ndondomeko yatsopano. Choncho awiriwa anaitana olera ana, a kumzikiti, a kutchalitchi, ndi ana anayi osankhidwa ndi anzawo. Tawina anali mmodzi wa iwo. Anagwirizana kuti msasa uziyamba naini koloko, ndipo Lachisanu uzitha nthawi yoswali isanakwane. A Saidi anadzipereka kuzinga mbuzi. Amayi awiri a kusukulu ya mkombaphala anavomera kusamala makanda pansi pa mtengo wa mango. Anagwirizananso kuti aziitana mayina m'mawa uliwonse, ndipo mwana akajomba wina apite kwawo tsiku lomwelo.

Msasa unayamba ndi ana makumi anayi. Lachitatu mtsikana wina sanabwere. A Nikolasi anapalasa njinga kukamuona, ndipo anamupeza atagona, thupi likutentha kwambiri, agogo ake ali kudimba. Anamutengera kuchipatala ku Mua, komwe anamupeza ndi malungo n'kumupatsa mankhwala.

Tsiku lomaliza kunabwera ana makumi atatu ndi asanu ndi awiri. A Scholastica anandandalika mabeseni anayi: la masewera, la kuwerenga, la zojambula ndi la maphunziro a ukhondo. Mwana aliyense anaponya kamwala m'beseni la chimene anachikonda kwambiri. La ukhondo linapeza timiyala titatu tokha.

"Pa za ukhondo mumalankhula nthawi yaitali, a Scholastica," anatero Tawina. "Bwanji chaka chamawa tidzachite sewero?"

A Scholastica anaseka n'kulemba mawuwo m'kope. Sabata yotsatira anayendera ana atatu amene sanamalize, ndipo mayankho awo anawalembanso.

Pokonza msasa wa ana ovutika, khalani pansi ndi anawo komanso owalera musanasankhe tsiku, nthawi ndi chakudya. Mwana akajomba, mulondoleni tsiku lomwelo. Msasa ukatha, funsani amene anabwera, koma musaiwale amene anasiya, chifukwa iwowo ndi amene akudziwa chofunika kukonza.