Mbale ya Apongozi

Anzanga amanditchula kuti Singano, chifukwa cha singano ya galamafoni. Ntchito yanga ndi yokonza magalasi a maso, koma chimene chinandidya mtima kuyambira kale ndi mbale za nyimbo, zazing'ono zija zokhala ndi nyimbo imodzi mbali ino, ina mbali inayo. Ndili nazo mashelefu anayi. Iliyonse ndimaitsuka, kuivala kapepala koyera katsopano, kenako n'kulemba nambala pakona ndi pensulo. Mkazi wanga amanena kuti ndikanamamusamala ngati mbalezo, bwenzi akuoneka ngati mtsikana mpaka lero.

Panali mbale imodzi imene ndinaisaka zaka zambiri. Inali ya atsikana atatu amene anaimba kamodzi kokha gulu lawo n'kutha. Tonse osonkhanitsa mbale tinkaidziwa ndi chikutiro chake chachikasu, koma palibe amene anali ataigwirapo m'manja.

Ndinaipeza kwa apongozi anga.

Apongoziwo anali telala, ndipo chimwalirireni akazi awo ankakhala okha m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Atadwala sitiroko, dzanja lamanja linafa, mawunso anatsekeka. Tinagwirizana kuti abwere kwathu. Mnansi wawo, dalaivala wa lole, anadzipereka kunyamula katundu. Tsiku losamukalo mkazi wanga ndi mng'ono wake, mlamu wanga wa ntchito ya unamwino, ankapinda zovala kuchipinda. Ine ndinatulutsa katoni imene inali kuseri kwa makina osokera. Nditaiika mulole ndinaitsegula, mwachizolowezi chabe. Munali mbale ngati makumi atatu, zambiri zokandikakandika. Yachikasuyo inali pakati.

Sindinganame kuti ndinalimbana ndi mtima wanga. Manja anachita okha. Ndinamasula batani la malaya, n'kuilowetsa pamimba. Ndinadziuza kuti ndikungoisunga, kuti munthu wodwala chonchi sangaifunenso, kuti ana angadzaikhalire.

Kunyumba sindikanatha kuiika pashelefu, choncho ndinapita nayo kuntchito n'kuibisa m'dilowa ya nsalu zopukutira magalasi. Nthawi yopuma masana ndinaitulutsa. Pakapepala ka pakati, pafupi ndi kabowo, panali mawu olembedwa ndi bolopeni yabuluu: "Ya atelala, kuti asiye kulakwitsa mawu a nyimbo." Ndinaseka. Kenako ndinatenga thonje ndi sipiliti amene timapukutira mafelemu. Kwa ife osonkhanitsa, mbale yolembedwalembedwa ndi yolumala. Ndinapukuta pang'onopang'ono, mwaluso, mpaka panangotsala kachizindikiro kotuwa. Ndinanyadira ntchito yanga.

Patapita mlungu, apongozi analoza katoni ija. Mkazi wanga anaiika pamiyendo pawo, ndipo anayamba kutulutsa mbale imodziimodzi ndi dzanja lamanzere. Atamaliza anayambiranso. Kachitatu anamenya dzanja la mpando, pakamwa pakutuluka phokoso losamveka. Mkazi wanga anagwada n'kumawafunsa ngati akufuna madzi, ngati penapake pakupweteka. Kenako anayang'ana mbalezo, nkhope yake n'kusintha.

"Akufuna ya amayi," anatero. "Yachikasu ija. Amayi anawagulira asanakwatirane."

Ine ndinali chiimire pakhomo la pabalaza, kapu ya tiyi m'manja. Ndinati mwina inagwa panjira.

Tinasaka nyumba yonse. Ndikunena kuti tinasaka, chifukwa nanenso ndinagwada, kusuzumira pansi pa mabedi, kukhuthula masutukesi, mpaka mkazi wanga anandithokoza chifukwa cha khama langa. Apongozi anayamba kukana kudya. Ankangokhala pampando moyang'ana khoma, katoni ili pamapazi.

Mlamu wanga si munthu wosunga mawu m'kamwa. Anati katoniyo inayenda ulendo wonse kumbuyo kwa lole, ndipo amene anamanga zingwe ndi dalaivala. Loweruka anandiuza kuti ndimuperekeze. Tinamupeza dalaivalayo pamsewu wa kwawo akupopa tayala, ndipo mlamu anayamba pomwepo, pamaso pa amayi ogulitsa masamba ndi anthu odikira basi. Anamuuza kuti chifundo chake chinali cha mbala, kuti kuba za munthu wosalankhula n'chimodzimodzi kuba za maliro. Bamboyo anavula chipewa. Anangoyankha kuti iye sanatenge kanthu. Anandiyang'ana kamodzi, ine n'kuyang'ana tayala.

Mlungu wotsatirawo ntchito inandikanika. Ndinaika magalasi a mayi wina mosinthanitsa, lamanja kumanzere, abwana mpaka anandifunsa ngati ndikudwala. Nthawi iliyonse ndikatsegula dilowa kuti nditenge nsalu, chikasu chija chinkaonekera. Ndipo chiibereni ndinali ndisanaimvetsereko ngakhale kamodzi, poti kuntchito kulibe galamafoni.

Lachisanu ndinabwera nayo m'chikwama. Mawa lake masana, apongozi akugona pampando, ndinailowetsa m'katoni. Ndinadikira kuti mkazi wanga alowe, mlamu ali pambuyo pake ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi, ndipo ndinati tiyang'anenso komaliza, mwina inamatirira ku inzake. Ndinaitulutsa n'kuchita ngati ndadabwa.

Apongozi anadzuka ndi phokoso la chisangalalo cha ana awo. Anailandira, kuiika pabondo, n'kuisolola m'chikutiro. Inatuluka itavala kapepala koyera katsopano. Pakona panali nambala ya pensulo, yolembedwa ndi dzanja langa. Sindikumbuka n'komwe tsiku limene ndinailemba.

Mkazi wanga anaiona nambalayo, n'kuyang'ana mashelefu anga. Apongozi anatembenuza mbaleyo mbali ino, mbali inayo. Anayendetsa chala chachikulu pamalo otuwa paja. Kenako anakweza maso. Sanali maso aukali. Ankangondiyang'ana ngati mmene ankayang'anira nsalu imene wina waidula molakwika.

"Bambo a ana," anatero mkazi wanga motsitsa mawu, "zolemba za amayi zili kuti?"

Ndinafotokoza zonse, za malaya, za dilowa, za sipiliti. Mawu anga ankamveka ngati a mwana wasukulu. Nditafika poti ndinkafuna kuti ioneke yoyera, mlamu analongedza makina ake osawayeza bambo ake.

"Alamu," anatero, "munandisiya ndikutukwana munthu pamsewu, inu muli pambali panga."

Anatuluka. Mpaka pano akabwera amapereka moni kwa aliyense, ine amangondigwedezera mutu.

Apongozi analoza galamafoni. Ndinatambasula dzanja kuti ndilandire mbaleyo, koma anaikokera pachifuwa n'kuipereka kwa mwana wawo. Mkazi wanga sadziwa kutsitsa singano. Anaigwetsa mwamphamvu, inakanda, thupi langa lonse linachita tsemwe, koma ndinatseka pakamwa. Atsikana atatu aja anayamba kuimba. Inali nyimbo yopepuka, ya gitala ndi kuwomba m'manja, ya mtsikana wodikira kalata. Apongozi anatsinzina, phazi lamanzere likugunda pansi. Ndinali nditaifuna nyimbo imeneyi zaka zonsezi, ndipo ndinaimva nditaimirira pakona m'nyumba mwanga momwe, ndikulakalaka itatha msanga. Itatha anakweza chala kuti ibwerezedwe. Madzulo ake anadya.

Mkazi wanga sanakalipe. Anangondiuza kuti pali munthu mmodzi amene ndiyenera kukamuona, ndipo ndipite ndekha.

Ndinamupeza dalaivala uja akutsuka lole ndi paipi ya madzi. Ndinalankhula nthawi yaitali, ndikuzungulira, mpaka ndinafika pa mfundo. Anamvetsera osasiya kutsuka.

"Ndinakuonani tsiku lomwe lija, achimwene," anatero. "Pagalasi la m'mbali mwa lole. Munamasula batani lachitatu."

Ndinamufunsa chifukwa chake sananene, anthu onse aja akumuyang'ana. Anati anaganiza za mkazi wanga, amene anamudziwa ali kamwana kosewera ndi zidutswa za nsalu pakhonde la atelala. Anati ankayembekeza kuti ndilankhula ndekha pamsewu paja, ndipo atandiyang'ana anali kundipatsa mpata. Anawonjezera kuti amayi ogulitsa masamba aja samupatsanso katundu woti awanyamulire, ndipo ngati ndili ndi mawu, ndikawanene kumeneko, chifukwa iye wawamva kale.

Amayiwo anali tsidya la msewu, atatu, akutiyang'ana. Ndinaima kaye pomwepo. Dalaivala anagwedeza paipi yake, imene inali itasiya kutulutsa madzi, n'kundipempha mwaulemu kuti ndisunthe chifukwa ndinali nditaiponda. Ndinasuntha, ndipo ndinawoloka.