Madzi mu Injini ya Bambo

Galimoto ija bambo anasiyira mzime. Sanalembe paliponse. Anangonena ali m'chipatala, pamaso pa amayi ndi amalume, kuti mwana wamwamuna asamayende wapansi. Amalume anagwedeza mutu, nkhani n'kuthera pomwepo. Mwana wamkazi, yemwe bambo ankamutcha Sipanala chifukwa ndiye ankawapatsira zida akagona kunsi kwa galimotoyo, anamusiyira wailesi.

Wailesiyo inkagwira bwino. Iye sanaitsegulepo.

Loweruka lina m'mawa Sipanala anali pakhonde ndi kapu ya tiyi, akuonerera mlongo wake. Mzime ankayenera kukatenga makolo a bwenzi lake kudepoti ya mabasi nthawi ya 11 koloko, ndipo kanali koyamba kuti amuone. Anatsuka galimoto kunja ndi m'kati, matayala n'kuwapaka polishi wa nsapato. Kenako anatsegula boneti, nalozetsamo paipi ya madzi ngati akuthirira dimba.

Sipanala anatsegula pakamwa, koma anangoikapo kapu.

Bambo sankathira madzi mu injini asanakute disitibyuta, kabokosi kamene kamagawa moto kumapulagi. Ankakakuta ndi pulasitiki ya buledi, ndipo womanga mphira anali Sipanala. Nthawi ngati imeneyo mzime ankakhala ali kumpira.

Patapita theka la ola mzime anatuluka atavala shati yoyera, akununkhira mpaka kugeti. Analiza galimoto. Inalira monyinyirika, inatsokomola, n'kunjenjemera ngati yagwidwa malungo. Ataponda moto inaphulika kamodzi kuekizozi, n'kuzima.

"Mafuta a dzulo aja," anatero mzime. "Anthu aja anandithirira oipa."

"Kapena," anatero Sipanala.

Anayesa kachiwiri, kachitatu. Anatsegulanso boneti, naima pamenepo manja m'chiuno monga amachitira amuna akafuna kuti injini ichite manyazi. Anagogoda mitu ya batire ndi mwala. Anaimbira makaniko, yemwe anati ali ndi lole ya munthu wina, afika chamadzulo. Foni itangodulidwa inaliranso.

"Ndikunyamuka, wokondedwa," anatero mzime, thukuta likutsika m'khosi. "Ndili pageti penipeni."

Amayi anatuluka akupukuta m'manja, nayang'ana ana awo awiri.

"Iwe, ukungoonerera ngati kanema?"

"Galimoto ndi ya mwamuna, Amayi. Ine ndili ndi wailesi."

"Ukudziwa chavuta?"

"Ndikudziwa."

Amayi anakhala pambali pake, natsitsa mawu. "Bambo ako anapita, sungakangane nawonso. Ukukangana ndi mwana amene sakudziwa n'komwe kuti pali mkangano."

Zimenezo n'zimene zinkamupweteka kwambiri. Mzime sanalande kanthu. Anangolandira makiyi monga ankalandirira nyama yaikulu m'mbale, osafunsa kuti ya enawo ili kuti. Miyezi isanu ndi itatu Sipanala wakhala akupanikizika m'basi popita kuntchito, akumva m'mutu mwake giya yachiwiri ikulira m'manja mwa munthu wosadziwa kudikira kilatchi.

Mzime anabwera mpaka pamasitepe a khonde. Pashati yoyera ija panali kale chala cha girisi.

"Achemwali."

"Ndamva."

"Chonde. Bambo ake akuti ndi munthu wosunga nthawi."

Sipanala anamaliza tiyi wake bwinobwino, osasiya ngakhale dontho.

"Tenga nsanza youma, chowumitsira tsitsi changa, ndi chingwe chachitali cha magetsi. Ndipo vula shatiyo usanaimalize."

Anamuuza alizenso, iye atatchera khutu. Injini inkadumpha ngati munthu wotsimphina. Anamuuza azimitse. Anamasula timakilipi tiwiri, natembenuza chivindikiro cha disitibyuta. M'kati mwake munali timadontho tamadzi tolendewera.

"Mafuta a dzulo aja ndi awa?" anafunsa, akumuonetsa.

"Ndimafuna iwale basi."

"Apongozi ako amayendera m'boneti?"

Amayi anaseka pakhonde, kenako n'kudziletsa.

Sipanala anapukuta chivindikirocho, nachiwuzira mphepo yotentha. Kenako anayamba kuzula zingwe za mapulagi.

"Musazisokoneze," anatero mzime. "Akuti zili ndi ndondomeko yake."

"Ukuona timadontho tapenti toyera ito? Kamodzi, tiwiri, titatu, tinayi. Ukuganiza anatipaka ndani?"

Mzime anawerama, nayang'anitsitsa. Miyezi yonseyi anali asanationepo.

M'dzenje la pulagi yachitatu madzi anali atadzaza. Sipanala anakulunga nsanza pasikuludiraiva, nawamwetsa mpaka nsanzayo inatuluka youma. Akutulutsa dzanja anakhudza kanthu kofewa pachitsulo cha m'mbali. Inali mphira ya bambo ija, idakali pamalo pake, ndi mfundo yake ya iye mwini. Anaigwira kanthawi. Kenako anangoti, "Patse makiyi."

Anakhala pampando woyendetsera, naukokera kutsogolo mpaka unalira kuti khe. Atapotokola kiyi injini inatsokomola kamodzi, n'kuyamba kulira mosalala monga inkalirira kale.

Mzime anawomba m'manja, navala shati ina mothamanga, nabwera kuchitseko. Sipanala sanasunthe.

"Madzi amabisala," anatero. "Ikakayambiranso pamsewu ukatani? Ukauza apongozi ako akankhe?"

Zinali zoona, koma theka lokha. Amayi anamuyang'ana, iye n'kuyang'ana pagalasi. Mzime anazungulira, nakakhala mbali inayo.

Anafika kudepoti patatsala mphindi zinayi. Bambo a mtsikana uja anali mkulu wa tsitsi la imvi, yemwe anapuma pantchito yoyendetsa mabasi. Atangokhala kumbuyo anapendeketsa mutu kumvetsera.

"Injini yakale koma yomvera," anatero. "Mwana wanga wapeza mwamuna wodziwa kusamala zinthu."

Sipanala anafinya chiwongolero. Sanayang'ane kumbali. Anadutsa shopu imodzi, yachiwiri, mzime akungomwetulira, akulandira nyama yaikulu ija monga mwa masiku onse. Pamphambano mzime anakhosomola.

"Ndi achemwaliwa, bambo. Ine ndimangoitsuka."

"Ndiye musamawasiye kutali," anatero mkuluyo.

Atafika kunyumba, alendo atalowa m'kati ndi amayi, mzime anatambasula dzanja kuti alandire makiyi. Sipanala anawaponya m'chikwama chake, natseka zipi.

"Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ndi yanga."

"Nanga ine masiku amenewo?"

Sipanala analowa kuchipinda kwake, natuluka ndi wailesi ija, fumbi lili mbuu, namuika m'manja.

"Ikugwira bwino," anatero. "Usaitsuke."