Pomwe Panali Mkuyu

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, a Levison Nasoni anagula makasu awiri pamsika wa ku Old Town n'kuwayedzeka kuseri kwa chitseko cha shopu yawo. Mwana wawo Tabitha anamva tanthauzo lake. Mvula yoyamba ikagwa mipando isanayambe kubwera, shopu itsekedwa, makina osokera agulitsidwa, ndipo bambo ake abwerera ku Nsaru kukalima.

Shopuyo inali ndi miyezi itatu. A Nasoni anayendetsa galimoto za boma ku Capital Hill zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, koma asanagwire chiwongolero anali ataphunzira kuveka mipando kwa Mmwenye wina wa m'tauni. Atapuma pantchito anachita lendi kachipinda kumunsi kwa Area 3, kuseri kwa nyumba zakale. Sofa yong'ambika, siponji itatuluka ngati matumbo, iwo ankaibweza kukhala ya m'sitolo. Luso linalipo lambiri. Chosowa chinali munthu wobwera ndi sofa.

Tabitha anali ndi digiri ya zamalonda. Mkati mwa sabata digiriyo inkafotokopa mapepala mu ofesi ina ku City Centre, komwe anamutenga mongoyembekezera. Ndiye anaganiza zoigwiritsako ntchito pakhomo. Anatsegula tsamba pa Fesibuku, anajambula sofa yakunyumba kwawo isanakonzedwe komanso itakonzedwa, n'kulipirako pang'ono kuti zithunzizo zizionekera kwa anthu a ku Area 47, Area 10 ndi Area 43, kumene kuli masofa okalamba ndi eni ake okana kuwataya.

"Koma nambala ikhale yanga," anatero a Nasoni. "Munthu akafuna mmisiri asamayankhidwe ndi kalaliki."

Tabitha analemba nambala ya kafoni kawo ka mabatani. Anthu anayamba kulemba pansi pa zithunzi: Muli pati? Mumavekanso mipando ya m'galimoto? Iye ankayankha kuti imbani pa nambalayo.

"Foni ikulira, adadi?"

"Ikulira. Aliyense akuti ndikubwera." Anapukusa mutu. "Anthu ako a pa intanetiwa ndi mizukwa, a Digiri. Mawu amamveka, phazi silioneka."

Loweruka lina Tabitha anali pashopupo akujambula nsalu zatsopano pamene kafoni kanalira. A Nasoni anakhosomola kaye n'kuimirira, monga ankachitira akamayankha bwana.

"Mukuchokera ku 47, mayi? Palibe chovuta. Mukamatsika mufika pomwe panali mkuyu waukulu uja. Musakhote ayi. Mupitirire mpaka pomwe panali bokosi la lamya lofiira, pamenepo mukhotere kumanja. Mukaona pomwe a Zubeida ankagulitsa palafini, basi mwafika, ingoimbani huta."

Tabitha anatsitsa foni yake pang'onopang'ono.

"Adadi, mkuyu wake uti?"

"Uja anaudula pokuza msewu."

"Liti?"

"Iwe uli kumsana."

"Nanga a Zubeida?"

"Anatisiya, ause mumtendere. Pano pali saluni."

"Ndiye osangonena kuti pa saluni bwanji?"

A Nasoni anamuyang'ana momumvera chisoni. "Masaluni alipo angati mu Lilongwe muno? Pa palafini pa a Zubeida ndi pamodzi, dziko lonse likudziwa."

Anadikira. Patatha ola, mayi uja anaimbanso ali pa depoti, tsidya lina la mlatho, atafunsa anthu asanu za mkuyu. Mmodzi anamulozera kwa asing'anga. Mayiyo anati mafuta amuthera, abweranso tsiku lina. A Nasoni anabweza kafoni m'thumba.

"Waona? Mzukwa wina."

Tabitha anadziwa kuti chapafupi chinali kufufuta nambalayo n'kulemba yake. Anadziwanso kuti akatero, makasu aja sadikiranso mvula. Munthu amene anayendetsa mabwana mumzinda uno zaka zonsezo sungamuuze kuti sadziwa kulongosola njira. Ndipo njirayo ankaidziwadi. Mzinda ndiwo unali utawasamukira osatsanzika.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, a Nasoni akadali m'jekete lawo lakuda, Tabitha anati, "Adadi, ineyo njira yanu ija sindikuidziwa. Mundionetse."

"Wabadwira muno iwe!"

"Ndiye nchifukwa chake ndikuchita manyazi."

Anayamba kumtunda, pamsewu waukulu. Tabitha ankabwera pambuyo, foni ili m'mwamba, ndipo bambo ake anaiwala msanga kuti akujambulidwa. Anaima pamalo omwetsera mafuta galimoto n'kutambasula manja kusonyeza kukula kwa mkuyu, womwe pansi pake madalaivala a boma ankabisalapo mabwana akamawafuna nthawi ya nkhomaliro. Anagogoda khoma la sitolo ya matayala, pomwe panali bokosi la lamya lomwe linkameza makobili a anthu koma ukalimenya mbama kumanzere linkalavula. Pa saluni anavula chipewa polemekeza a Zubeida, atsikana oluka tsitsi akuwayang'ana modabwa. Kenako anakhota, nafika pa shopu yawo, nasisita sofa yoonetsera ija yochokera kunyumba ngati ng'ombe yapamsika.

Madzulo Tabitha anadula kanemayo kuti akhale wa mphindi zitatu. Paliponse pomwe bambo ake ankati "panali", iye ankalemba pansi pake zomwe zilipo lero: pomwetsera mafuta, sitolo ya matayala, saluni ya chitseko chobiriwira. Pamwamba analemba kuti: Njira yobwerera kwa a Nasoni, ya akale ndi ya atsopano.

Iye ankangofuna kuti anthu asasochere. Pofika Lachiwiri, kanemayo anali atalowa m'magulu a Watsapu a mipingo ndi a anthu opuma pantchito m'boma. Mayi wina wa mu ofesi yomwe Tabitha ankafotokopamo anamuonetsa pafoni yake, osadziwa kuti akuonetsa mwiniwake. Pansi pa kanemayo panabuka mkangano. Wina anati mkuyu unali tsidya linalo la msewu. Wina anati pa bokosi limenelo ndi pomwe anafunsira mayi a kunyumba kwake, ndipo makobili ake anamezedwa asanamve yankho. Mdzukulu wa a Zubeida analemba ali kunja kwa dziko kuti walira.

Koma sofa sinabwere ndi imodzi yomwe. Lachisanu kumwamba kunada cha ku Dzalanyama, ndipo Tabitha pochokera kuntchito anapeza bambo ake akukhomera makasu aja m'mipini.

Loweruka m'mawa kunja kunalira huta. Inali pikapu yoyera, kumbuyo itasenza sofa yaikulu ndi mipando iwiri. Munatsika mayi wovala magalasi.

"Ndine Elsie Mwalwanda, uja munanditumiza kwa asing'anga sabata yatha. Ine ndinabwera kuchokera ku Karonga mkuyu wanuwo atadula kale, bambo. Lero ndatsata zolemba za mwanayu." Analoza mwamuna wa imvi yemwe ankatsika mbali inayo. "Awa ndi amuna anga, a Lawford. Sanabwerere mipando, abwerera mlandu."

"Bokosi lija silinali lofiira," anatero a Lawford asanapereke ndi moni womwe. "Linali lachikasu."

"Lachikasu linali la kupositi, bwana."

"Ayi, akulu, ine ndaimbirapo!"

"Munkalimenya mbali iti likameza ndalama?"

A Lawford anaima kaye. "Kumanzere."

"Ndiye ndi lofiira limenelo."

Anagwirana chanza akuseka, ndipo mkangano usanathe kunja kunaliranso huta wina. Kenako wina. Ena anali atasunga kanemayo kudikira tsiku lopuma, ena anayenera kubwereka kaye galimoto yonyamulira. Munthu wina wa ku Area 10 anabwera ndi mpando wa malemu bambo ake. Abusa ena anabwera kudzafunsa za mipando khumi ndi iwiri ya kuguwa. Tabitha ankalemba mayina ndi mitundu ya nsalu, akujambula mpando uliwonse usanakhudzidwe. Pofika masana mipando inali itandanda pabwalo ngati pamaliro a munthu wotchuka.

Mvula inayamba cha m'ma thuu koloko, madontho akuluakulu onunkhira fumbi. Onse anathamanga kulowetsa mipando, a Lawford atagwira mbali imodzi ya sofa ya munthu wosamudziwa. Kachipinda kanadzaza mpaka kudenga. Mpando womaliza unakana kulowa chifukwa chitseko sichinkatseguka chonse.

A Nasoni anasuzumira kuseri kwa chitsekocho, natulutsa makasu awiri aja, nawaponya pakhonde.

"Akutha malo awa. Mawa ukawakweze minibasi, apite kwa amalume ako ku Nsaru."

Tabitha anangoti, "Chabwino, adadi," maso ali pa kope lake.

Kafoni kanaliranso. A Nasoni anapukuta manja, anakhosomola, naimirira bwinobwino pakati pa masofa.

"Mukuchokera kuti? Ku 43? Palibe chovuta. Mukamatsika mufika pomwe panali mku..." Anayang'ana Tabitha. "Kapena tichite chonchi, bwana. Munabwera liti mu Lilongwe muno?" Anamvetsera. "Aa, ndinu mlendo. Onerani kanema wa mwana wanga. Ali ndi digiri ameneyo."